Oyilo wakutha si mankhwala a dzimbiri

Achimwene a ku Senga Bay, imelo yanu yanditokosa pachilonda. Mukuti kunsi kwa galimoto yanu kwayamba kufiira, ndipo anzanu akuti mupakeko oyilo wakutha wa mu injini.

Ine ndinali ndi pikapu yonyamulira mpunga ku Nkhotakota, popita ndinkatenga feteleza. Loweruka lililonse ndinkatsikira nayo kunyanja, anyamata n'kumaikhuthulira madzi, ine ndili pamthunzi ndi chambo chowotcha. Ndinkati nyanja yathu ilibe mchere, ndiope chiyani? Mchere ilibedi, koma dzimbiri silidikira mchere. Chitsulo, madzi ndi mpweya zikakumana, layamba. Mchenga wonyowa umatsalira m'makona a chasisi sabata yathunthu, ndipo feteleza wotayikira m'bodi amakoka chinyezi n'kumadya chitsulo ngati chiswe pansungwi.

Nditaona mabala ndinapita kwa makaniko wina, amene anangomata phula wakuda pamwamba pa dzimbiri osapala. Inkawala ngati yatsopano! Kunsi kwa phulako dzimbiri linkadya mwakachetechete. Patangotha dzinja lachiwiri, tili pa M5, thabwa la chitsulo la m'bodi linabooka, mpunga n'kumawazika mumsewu ngati tikufesa. Mayi a kunyumba amandiseka mpaka lero.

Ndiye za oyilo wakuthayo ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Amafewetsa marabala a kunsi, amakola mchenga, mvula ikagwa amatsukika n'kuthera m'madzi omwe ana athu amasambamo. Ndi ulesi chabe wovala ovolosi.

Chinanso chimandinyansa. Timagula galimoto za ku Japan zodzera ku Dar es Salaam, n'kumangoyang'ana wailesi ndi mipando. Zina zimachokera kozizira ngati Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke. Zimafika zitadwala kale. Kugwada n'kusuzumira kunsi sitifuna, akuti tidetsa thalauza.

Nanga mutani?

Tsukani matope onse, paume. Palani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiyere, pakani red oxide (penti yofiira yoteteza chitsulo ku dzimbiri) kawiri, kenako penti kapena phula pamwamba. Chitani mu Okutobala, mvula isanagwe. Mabuleki musawapake chilichonse, ndipo ekizozi imafuna penti yopirira kutentha. Timabowo ta pansi pa zitseko titokoseni ndi waya kuti madzi azituluka. Pomwe pabooka kale penti sithandiza, pitani kwa owotcherera adule n'kuikapo chigamba.