Makilomita 100 pa tsiku m'mbali mwa nyanja? Achemwali, taimani kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe amawerenga zolemba zangazi. Akufuna kukapalasa njinga masiku asanu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, koma anzake amuuza kuti akalephera makilomita 100 pa tsiku ndiye kuti sanayende ulendo, bola angokhala pakhomo. Funso lake ndi lakuti achite chiyani kuti afike pa 100. Ndakhala masiku atatu osayankha, achemwali, chifukwa funso lanuli landigunda pachilonda.

Ulendo wanga woyamba wa mtundu umenewu ndinaukonzera patebulo, mapu ali potambasula. Ndinkati madzi sakwera phiri, ndiye msewu wotsata gombe nawonso uyenera kukhala wathyathyathya. Ndinagawa mtunda wonse ndi masiku anayi, ndinamanga zikwama pa keliyala, ndinanyamuka. Tsiku loyamba zinayendadi, ndinafika kogona dzuwa likadalipo, mtima uli m'malo. Tsiku lachiwiri ndi limene linandisula. Msewu unayamba kuthawa madzi. Unkakwera chitunda, kutsetserekera kumtsinje, kuoloka mlatho, n'kuyambanso kukwera, ndipo nyanja ndinkangoionera patali pakati pa mitengo. Nditaona kanjira kolowera kugombe ndinakhotera komweko kuti ndidule mtunda. Kumeneko ndinakumana ndi mchenga. Tayala lakutsogolo linkangozama, handulo n'kumapotokera komwe yafuna, mpaka ndinatsika n'kuyamba kukankha njinga yolemera ndi katundu. Nditabwereranso pamsewu, dzuwa litapendeka, mphepo inali itadzuka ndipo inkandiomba chakumaso. Sipoko imodzi yakumbuyo inaduka. Ndinafika usiku, bondo lakumanzere likuwawa ngati mwalowa msomali.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si bondolo ayi. Mukandifunsa zimene ndinaona tsiku limenelo, ndikukumbukira tayala lakutsogolo ndi kamita kowerenga mtunda kamene kanali pa handulo, basi. Ndinadutsa midzi yosawerengeka, anthu ankandipatsa moni ine n'kumangogwedeza mutu chifukwa kuima kunali kutaya mphindi. Ndinayenda mtunda wonsewo kudzaona nyanja, koma nyanjayo sindinaione.

Tsiku lachitatu bondo linakana, ndiye ndinakhala pagombe. Bambo wina wachikulire ankasoka ukonde pamthunzi, ndipo nditawafotokozera za dzulo lake anandifunsa nthawi imene ndinanyamuka. Nditawauza anapukusa mutu. Anati iwo sangakankhire bwato m'madzi asanadziwe kuti mphepo itembenuka nthawi yanji, nanga ine wapanjinga ndimasiyana nawo pati? Safunsa anadya phula. Ndinali nditafunsa mapu okha, pamene munthu aliyense wa m'mudzimo akanandiuza zimenezi ulele.

Za mphepoyi ndinadzazimvetsa bwino pambuyo pake. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda umakwera m'mwamba, ndipo mpweya wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda kukalowa m'malo mwake. Usiku zimatembenuka chifukwa nthaka imaziziranso msanga. N'chifukwa chake m'mamawa gombe limakonda kukhala bata, koma likamakwana masana mafunde ayamba. Pa nyanja ya Garda ku Italy mphepo ziwirizi zili ndi mayina: Pelèr imaomba m'mawa kuchokera kumpoto, Ora imaomba masana kuchokera kummwera, ndipo oyendetsa mabwato a matanga amakonza tsiku lawo potengera zimenezi. Wapanjinga mphepo imamulanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukamapalasa makilomita 15 pa ola kuli bata, mpweya ukukugundani pa liwiro la 15. Kukabwera mphepo ya kumaso ya 15, ukukugundani pa 30, ndipo mphamvu yake yokubwezani m'mbuyo siwirikiza kawiri, imawirikiza kanayi. Onjezanipo zikwama zotundumuka m'mbali, zimene zimakola mphepo ngati thanga. Chitunda chimatha, mukafika pamwamba mumapuma potsika. Mphepo ilibe pamwamba.

Nayo nkhani yoti gombe ndi lathyathyathya ndi bodza limene mapu amatinamiza nalo tonse. Nyanja imakhala m'chigwa, ndipo mtsinje uliwonse wothira m'menemo unakumba khwawa lakelake limene msewu uyenera kutsikira ndi kukweranso. Pena phiri limalowa m'madzi, msewu n'kulikwera. Pena pali dambo ndi bango, msewu n'kuzungulira kutali. Ngakhale nyanja imodzi yomweyo imasiyana mbali zake. Njira yozungulira nyanja ya Balaton ku Hungary ndi ya makilomita pafupifupi 200, koma gombe la kummwera ndi losalala pamene la kumpoto, cha ku Tihany, lili ndi zitunda. Munthu wogawa 200 pawiri n'kunena kuti masiku awiri ofanana sanapiteko.

Tsono ndinene mosapsatira. Anzanuwo akulakwitsa, ndipo akukulakwirani. Nambala ya 100 imachokera kwa anthu opalasa njinga zopepuka pa tala, opanda katundu, ali m'gulu lotchingirana mphepo, madzulo n'kukagona pabedi pawo. Ndi masewera abwino, sindikuwanyoza. Koma kutenga muyeso umenewo n'kuuika pa munthu wonyamula zovala, madzi ndi zida, woyenda m'misewu yafumbi imene sakuidziwa, amene mawa ndi mkuja ayenera kudzukanso n'kukwera chishalo chomwecho, n'kusamvetsa zinthu. Ndipo ndikamaganizira kwambiri ndimaona kuti vuto lakula ndi mafoniwa. Masiku ano ulendo usanathe n'komwe, kamzere ka pamapu ndi nambala yake zili kale pa intaneti kuti anthu ayamikire. Munthu amapalasa akuganiza za amene akaone nambalayo, osati za mudzi umene akudutsa. Ine ndinachotsa kamita kaja pa handulo ndipo sindidzakabwezeraponso. Amene amati ulendo wa makilomita 40 si ulendo, ameneyo sindiyenda naye.

Mkangano umenewu ndi wakale. Ku France kunali Paul de Vivie, wodziwika ndi dzina loti Vélocio, yemwe ankakhala ku Saint-Étienne ndipo anamwalira mu 1930. Ambiri amamutcha tate wa maulendo oona malo pa njinga. Iyeyo ankapalasa mitunda italiitali zedi, kuposa anzanuwo, komabe mwa malamulo amene ankaphunzitsa munali lakuti idya usanamve njala, imwa usanamve ludzu, ndipo usapalase pofuna kudzionetsera. Analimbikira kwambiri za magiya pa nthawi imene ochita mipikisano ankawaona ngati chida cha ofooka, moti mpikisano wa Tour de France unadzalola magiya osintha uli pa njinga mu 1937. Lero palibe amene amachita manyazi ndi giya yopepuka pa chitunda. Bwanji tichite manyazi ndi tsiku lalifupi?

Taonaninso kumene njira zoterezi zinakonzedwa bwino. Yozungulira nyanja ya Constance, imene eni ake amaitcha Bodensee, ndi ya makilomita pafupifupi 260 ndipo imadutsa Germany, Austria ndi Switzerland. Mabanja amaipalasa ndi ana awo kwa masiku angapo, ndipo wotopa amakweza njinga m'sitima yowolotsa anthu pakati pa Konstanz ndi Meersburg popanda womuseka. Ku Japan, njira yozungulira nyanja ya Biwa ndi ya makilomita pafupifupi 200, ndipo mu 2019 boma linaiika m'gulu la njira zapanjinga za dziko lonse. Kumeneko amalangiza kuzungulira nyanja ili kudzanja lamanzere, chifukwa galimoto zimayenda kumanzere, ndiye wapanjinga amakhala mbali ya madzi osadumphadumpha msewu. Kanzeru kameneka ndimakakonda, ndipo kamagwira ntchito kulikonse: onani mbali imene galimoto zimayenda m'dzikolo, musankhe kolowera koti nyanja ikhale pambali panu.

Za madziwo

Mukatopa ndi kutentha, madzi amakopa. M'nyanja zambiri za m'mayiko otentha, makamaka mu Africa, muli likodzo, ndipo tizilombo take timachokera mu nkhono zimene zimakonda madzi osaya, odekha, a m'mabango. Timalowa pakhungu, simuchita kumwa madziwo. Mukasamba malo otero, kayezetseni mukabwerera ngakhale musakumva kalikonse. Kumene kuli ng'ona ndi mvuu, funsani eni dera musanaviike phazi, ndipo musamange tenti pa kanjira kochokera m'madzi, chifukwa mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu. Udzudzu nawo umachuluka madzulo pagombe, neti musaisiye. Ichinso ndi chifukwa china chofikira kogona kukuwala. Wothamangitsa 100 amafika mdima utagwa, osaona n'komwe pamene wagona, ngati mmene ndinafikira ine tsiku lija, manja akunjenjemera moti ndinalephera kumasula zingwe za katundu mpaka mwini nyumba anachita kundithandiza.

Ulendo wachiwiri ndinabwerera kunyanja yomweyo patatha chaka. Chigawo chija cha tsiku lachiwiri ndinachiyenda masiku atatu. Pa chitunda chimene ndinkachitukwana mumtima ndinaima pamwamba n'kucheuka, ndipo nyanja yonse inali pansi panga, mabwato akubwerera kugombe. Malowo analipo chaka chathacho, ine ndi amene ndinadutsa nditawerama.

Ndiye achemwali, konzani makilomita 40 mpaka 60 pa tsiku, ndipo pa msewu wafumbi tsikirani m'munsi mwa pamenepo. Nyamukani kukungocha, pofika masana mukhale mutamaliza gawo lalikulu. Pa masiku asanuwo siyani limodzi lopanda pulani. Matayala akhale otakata, ndipo pa mchenga muphwetseko mpweya pang'ono. Tengani pampu, chubu chapadera, zomatira, masipoko awiri kapena atatu ndi kansalu kopukutira tcheni, poti mchenga umadya tcheni msanga. Musananyamuke, palasani masiku awiri otsatizana mutamanga katundu yense, mumve zimene mawondo anena m'mawa wa tsiku lachiwiri. Mukabwerako mudzandilembere, ndipo mudzandiuze nthawi imene mphepo inkatembenuka kumeneko.