Kaseti, CD ndi MP3: tizilembe motani mu kaundula wa nyimbo?

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Iye ndi anzake akusonkhanitsa nyimbo zakale za kuno kwathu ndi kuzilemba mu database, kaundula wa pa kompyuta, ndipo anagawa zonse m'magulu awiri: zogwirika ndi manja, monga makaseti ndi ma CD, ndi za digito. Zinkayenda bwino mpaka atapeza memori khadi yodzaza ma MP3 yomwe anagula kwa anyamata oberna nyimbo pa msika. Akufunsa kuti imeneyi ilowe gulu liti, komanso ngati kaseti yomwe aisandutsa MP3 iyenera kulembedwa kawiri.

Achimwene, memori khadiyo ilibe mlandu. Cholakwika ndi magulu anu awiriwo, chifukwa mwamanga mafunso awiri pa chingwe chimodzi. Funso loyamba ndi lakuti nyimbozo zili pa chiyani. Lachiwiri ndi lakuti mawuwo anasungidwa mwa njira yanji, ya analogi kapena ya digito. CD mumaigwira m'manja, komatu ndi ya digito kuyambira pomwe Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982: mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse n'kulembedwa ngati manambala. DAT, yomwe inabwera mu 1987, ndi tepi ndithu yozungulira m'kabokosi, koma nayonso ndi ya digito, pomwe kaseti wamba ya Philips ya mu 1963 ndi ya analogi, yosunga mawu ngati mafunde, osati manambala. Mafunso awiriwa aliyense akhale ndi danga lake, ndipo theka la mutu wanu usiya kuwawa.

Theka linalo likufuna kuti musiyanitse zinthu zitatu zomwe pocheza timangozitchula pamodzi. Pali nyimbo monga inajambulidwira tsiku lija mu situdiyo kapena pabwalo. Pali chimbale monga chinatulutsidwira ku malonda, ndi chikuto chake, chaka chake ndi kampani yake. Ndiye pali chinthu chenichenicho chomwe chili m'katoni mwanu. MusicBrainz, kaundula wamkulu wa pa intaneti amene aliyense angathe kulembamo, imatsata kasiyanitsidwe kotere, ndipo ndingakulangizeni kuti muitsegule muone musanapitirize. Taganizani nyimbo zomwe Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Zinatuluka pa mbale za LP, zina zinadzatulukanso pa CD, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Kujambula kunachitika kamodzi, kutulutsa kangapo. Mukalemba nyimbo yotereyi katatu ngati nyimbo zitatu zosiyana, wofufuza wa mawa adzayesa kuti gululo linaimba katatu.

Choncho kaseti yanu ija musailembe kawiri. Chimbale ndi chimodzi, ndipo chinatuluka pa kaseti. MP3 mwapangayo ndi kope lanu, lilembedwe pansi pa kasetiyo, ndi tsiku lomwe munaijambula komanso makina omwe munagwiritsa ntchito. Memori khadi ya pa msika nayonso si chimbale, poti palibe woimba kapena kampani yomwe inasankha nyimbozo ndi kuzitulutsa pamodzi. Anasankha ndi mnyamata wa pa kompyuta uja malinga ndi zomwe zikugulidwa sabata imeneyo. Ilembeni ngati katundu amene muli naye. Zikanakhala zosiyana woimba mwini akanatulutsa chimbale chake pa fulashi, zomwe zimachitika ndithu, ndipo Discogs, kaundula wina wa zimbale wa pa intaneti, ili ndi malo a zoterezi.

Pa makaseti ndiye mukhalitsepo, chifukwa nyimbo zambiri za m'Malawi za m'ma 1990 zinafika kwa anthu kudzera m'makaseti, ambiri ogulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe. Muziyang'ana ngati ili ndi chikuto chosindikizidwa, dzina la wogulitsa ndi chomata cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, kapena ndi kaseti yogula yopanda kanthu yomwe wina anajambulapo n'kulemba dzina la woimba ndi bolopeni. Yoyambayo ndi umboni wa chimbale. Yachiwiriyo ndi kope, ngakhale kuti nthawi zina ndi yokhayo yomwe yatsala, ndiye musaitaye ayi. Mulembenso zomwe zili mbali A ndi mbali B. Anthu akasandutsa kaseti kukhala mafayilo amaiwala zimenezi, ndipo ndondomeko yomwe woimba anakonza imasokonekera pompo.

Mbale zozungulira sizivuta: mulembe kukula, liwiro, ndi chomwe anapangira. LP ya Columbia inayamba mu 1948 pa liwiro lozungulira ka 33⅓ pa mphindi, kambale kakang'ono ka RCA Victor ka 45 kanatsatira mu 1949. Zakale za 78 zambiri ndi za shellac, zolemera ndi zosachedwa kusweka, choncho musazilembe kuti vinyl.

Mafayilo ndi omwe amanyenga. Dzina la kumapeto kwa fayilo silinena zonse. Fayilo ya .m4a ikhoza kukhala ndi AAC, yomwe imataya mbali ya mawu kuti ichepe, kapena ALAC, yomwe sitaya kanthu. MP3 imataya, FLAC sitaya, ndipo WAV nthawi zambiri imakhala yosapanikiza n'komwe. Koma munthu angathe kutenga MP3 ya 128 kbps yomwe anaikoka pa YouTube n'kuisandutsa WAV. Fayiloyo ikula kakhumi, zotayika zija osabwerera. N'chifukwa chake kwa ine danga lofunika kuposa onse ndi la gwero: fayiloyi yachokera pa CD, pa kaseti, pa wailesi, kapena kwa woimba mwini? Ngati mukufuna kusunga za m'makaseti kuti zikhalitse, bungwe la osunga zomvetsera la IASA limalangiza WAV ya 24 bit, yosachepera 48 kHz. MP3 ikhale yongogawira anthu.

Zimbale zomwe zinatulukira pa Spotify kapena Boomplay pokha zipatseni mtundu umodzi woti za pa intaneti, ndipo mulembe nambala ya ISRC ngati ilipo. Ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo imatsata nyimbo yojambulidwayo, osati chimbale.

Popeza mukugwira ntchitoyi anthu angapo, danga la mtundu lisakhale lolembamo momwe munthu wafunira. Wina alemba tepi, wina kaseti, wina MC, ndipo pofufuza mudzapeza gawo chabe la zomwe muli nazo. Gwirizanani mndandanda waufupi woti munthu azingosankhapo, ndipo pambali pake musiye danga la ndemanga la zinthu monga tepi yodyedwa ndi wailesi kapena chikuto chosochera.