Yankho la mawu kwa msuweni pa nkhani ya kompyuta ya magemu

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, ndauona uthenga wako wa usiku uja, woti pa kompyuta ya magemu uikemo Windows kapena Linux, komanso graphics card, kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini, yabwino ndi iti. Ndati ndingoyankha pakamwa, kulemba zala zingandithere. Anganga, ngati akukumvetserani izi, pepani, ndi za ana.

Koma iwe, Linux unaidziwa liti? Iwe amene foni ikadzaza umathamangira kwa ine kuti ndikufufutire zithunzi? Hahaha. Chabwino.

Ndisanafike kumeneko... umawakumbuka amalume a ku Namwera ndi kanema wawo uja? Unali mwana, mwina ukungokumbuka mabenchi. Atabwera ku Joni ulendo wachiwiri, ayi, wachitatu, uja anabwera ndi jekete lachikopa lomwe ankavala ngakhale mu Okotobala, anatsika ndi TV yaikulu, deki, ndi masipika awiri otalika ngati iwe. Azakhali atafunsa, iwo amvekere ndi yoonera nkhani pakhomo. Nkhani! Kunyumba kopanda ndi magetsi omwe. Patangopita masiku tinangoona kalipentala akutsitsa mabenchi, mazenera akutchingidwa ndi masaka, panja paikidwa bolodi lolembapo ndi choko. Azakhali anakhala sabata osawayankhula.

Ndiye ndalama zonse zinathera pa TV ndi masipika. Ya jenereta panalibe. Anakabwereka kaja kakang'ono ka mnzawo wa pa msika, kotsokomola ngati munthu wa chifuwa. Anthu anawauza, ngakhale bambo ako anawauza, kuti gulani kachipangizo koteteza moto usalowe mwamphamvu. Iwo ayi, TV ya ku Joni sipsa. Tsiku la mpira, nyumba itadzaza thothotho, ana akusuzumira m'mabowo a masaka, kajenereta kanakuwa kamodzi, kenaka phuu, fungo la mawaya. Anthu kufuna ndalama zawo, amalume kutulukira khomo lakumbuyo jekete lili m'manja. TV ija mpaka lero ilipo, anaifunditsa nsalu, amaikapo fulasiki ya tiyi.

Eee, ndimati chiyani... eya, Windows.

Ika Windows 11, usavutike. Linux ndi yaulere ndipo masiku ano magemu ambiri a pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, amayenda bwino kudzera mu Proton, pulogalamu yoyendetsa magemu a Windows pa Linux. Linux ndiyonso ili mu Steam Deck, kamakina ka magemu ka m'manja. Koma magemu okhala ndi pulogalamu yogwira akuba, monga Fortnite, Valorant ndi mpira wa EA uja, pa Linux amakana. Ndipo ine ndikudziwa kuti iwe ukufuna mpirawo, FIFA, kapena kuti FC monga anaisinthira dzina mu 2023. Windows 10 usaiganizenso, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okotobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo, koma bolodi la masiku ano, lija polumikizira zonse za m'kati mwa kompyuta, limakhala nayo kale, umangoiyatsa mu BIOS, masetingi olowamo kompyuta ikamayaka.

Zamkatimo sizovuta. Purosesa ngati Ryzen 5 5600 ikukwana, pa bolodi la AM4, monga B550, chifukwa limalandira RAM, memore yogwirira ntchito, ya mtundu wa DDR4. Ukalumphira ku AM5 ndiye kuti DDR5, mtengo wakwera kale. RAM ikhale 16GB, timitengo tiwiri ta 8, osati kamodzi. SSD, mosungira magemu, ya 1TB, chifukwa gemu imodzi yokha itha kudya 100GB, ndipo kuitsitsa pa bandulo ya pa foni, mmm, ulira. Graphics card, RX 6600 ya 8GB kapena RTX 3060 ya 12GB, pa sikirini ya 1080p mpira ukuyenda myaa. Ukumbukire kuti 5600 ilibe zithunzi zakezake, popanda card sikirini ingokhala bii. Kuno kwathu kutentha ukukudziwa, fumbi la chilimwe ukulidziwa, ndiye bokosi likhale lolowa mphepo kutsogolo, mafani osachepera awiri, ndipo lisakhale pansi.

Tsopano... mayi, mukumva? Msuweni wanga sakufuna kompyuta yosewerera yekha ayi. Chipinda chakumbuyo chija cha ku Mpondasi chakhala chopanda munthu chichokereni alendi aja, ndipo mwezi watha anandifunsa mtengo wa mapadi anayi osewerera gemu. Munthu m'modzi manja anayi? Akufuna geni, ana azilipira pa gemu. Ndipo si zoipa! Ungonena, chifukwa yankho limasintha. Makina a geni amayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiye ndalama yoyamba ipite ku moto. Power supply, kabokosi kogawa moto m'kompyuta, ikhale yeniyeni, ya 550 kapena 650 watts, yolembedwa 80 Plus Bronze, osati ija yopepuka imabwera ndi bokosi lotchipa. Kenaka UPS, bokosi la batire lolumikiza pakati pa kompyuta ndi magetsi. UPS sikuti uzisewerabe magetsi akathima, imangokupatsa mphindi zochepa kuti uzimitse bwinobwino, komanso imatchinga moto uja umabwera mwaukali akamayakanso. Card ndiye ibwere pambuyo, ndi ndalama yotsalayo.

Ndipo kunena zoona, ngati ndi mpira wokhawokha, PlayStation yogwirapo kale ntchito ingakutsikire mtengo kuposa zonsezi. Koma ndikudziwa sundimvera, ukufuna kamagetsi kofiira ndi kobiriwira kaziwala m'bokosi kuti atsikana a pa Mpondasi aziona. Hahaha, ayi ndasiya.

Ndiye achimwene ako a ku Johannesburg usawatumizire dzina la card lokha. Uwauze chilungamo kuti ndi geni, agule power supply yabwino kaye. UPS utha kuifunafuna ku Blantyre, ndi yolemera, isakudyere malo m'katundu.

Wamva? Moto kaye, card pambuyo, ndipo uwauze mayi ako za chipindacho mabenchi asanafike. Windows 11. Basi, batire yanga ikutha, undiimbire madzulo tiwerengere ndalama zili m'manja mwakozo.