Digiri yosakaniza maphunziro, kodi ingakufikitseni ku mestrado?

Achemwali ena a ku Ulónguè atumiza imelo. Ali chaka chachitatu cha licenciatura (digiri yoyamba) ya kasamalidwe ka chilengedwe, momwe muli za nthaka, malamulo, chuma ndi chikhalidwe cha anthu, ndipo amalume awo akuti digiri yotere ndi ndiwo za kasakaniza, palibe mestrado (digiri yachiwiri) ingawalandire.

Achemwali, amalumewo alakwitsa, koma musawaseke msanga.

Taonani za ku Moatize. Kampani ya Vale isanayambe kukumba malasha mu 2011, mabanja anasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, ndipo a ku Cateme anadandaula kwambiri za nthaka yosabereka, madzi, ndi kutalika kwa msika. Wofuna kufufuza nkhani imeneyi ayenera kudziwa kuyeza nthaka, kumvetsa DUAT (ufulu wogwiritsa ntchito malo) ndi lamulo la malo la 1997, komanso kuwerengera ndalama zimene banja limataya likatalikirana ndi msika. Wa mainjiniya amaona mwala, wa malamulo amaona chikalata. Inu munaphunzitsidwa kuona zonsezo pamodzi, ndipo funso labwino la kafukufuku limabadwira pamenepo. Ambiri ochokera ku digiri ya phunziro limodzi amavutika miyezi kusaka mutu wa dissertação (kafukufuku womalizira mestrado), pamene inu mitu ikukuyembekezani m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè.

Vuto lili kwina. Osankha ophunzira a mestrado sakopeka ndi dzina la digiri, amatsegula certificado ya ma cadeira n'kuyamba kuwerenga. Chaka chimodzi ndi makredito 60, zaka zinayi ndi 240. Mukawagawa m'maphunziro asanu ndi limodzi, lililonse lapeza 40 okha, osakwana ngakhale chaka. Ndiye akafunsa kuti munthuyu amatha kuchita chiyani ndi manja ake, pepala silikuyankha. Pamene ambiri amagwera ndi pa estatística. Anaiphunzira kamodzi chaka choyamba, anakhoza ndi 10, n'kuiwala. Semesita yoyamba ya mestrado akuuzidwa kuti asankhe alimi angati ofunsa ndipo afotokoze chifukwa chake, kapena ayendetse regressão (masamu oonera mmene chinthu china chimasinthira ndi chinzake), basi thukuta kamukamu. Ine ndimati sukulu yophunzitsa estatística pa bolodi pokha, ophunzira osagwirako kompyuta, ikuwabera propina yawo. Mapulogalamu a R (ya estatística) ndi QGIS (ya mapu) ndi aulere, laputopu yakale imawayendetsa, palibe chowiringula.

Monografia (kafukufuku womalizira licenciatura) nayo anthu amaipeputsa, mwina n'kukopera ya mnzawo wa chaka chatha. Zachisoni, chifukwa kwa munthu wa digiri yosakaniza, monografia ndiyo umboni wokhawo woti angazame pa chinthu chimodzi. Mutu ngati "mavuto a chilengedwe m'chigawo cha Tete" ndi wongotaya nawo nthawi. Tengani mudzi umodzi ku Tsangano, mbewu imodzi monga kachewere, nyengo imodzi, muyeze ndithu.

Pena timaiwalanso chuma chili pakamwa pathu. Wofufuza wochokera ku Maputo amalemba womasulira kuti acheze ndi alimi a ku Angónia, ndipo zambiri zimatayika panjira. Inu mukhala pamphasa ndi agogo n'kumva zonse. Chingerezi chokha ndicho muyenera kulimbana nacho, poti zolemba zambiri za sayansi zili m'chinenero chimenecho, ndipo mukafuna kudutsa malire pa Calómuè kupita ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda ku Malawi, Chipwitikizi sichikuthandizani m'kalasi.

Zochita chaka chatsalachi

Kwezani média ifike 14 pa 20, chifukwa ma mestrado ambiri muno m'Mozambique amayambira pamenepo. Ma cadeira osankha onse muwaponye mbali imodzi, kaya ya mapu kaya ya chuma. Pezani edital (chidziwitso choitana ofuna malo) ya mestrado imene mukufuna, ya UniZambeze kapena UEM (Universidade Eduardo Mondlane), muyerekeze zofunika zake ndi certificado yanu mzere ndi mzere, chosowa muchipeze pano. Sungani dongosolo la cadeira iliyonse lokhala ndi chidindo, poti akunja amalifuna, ndipo ku South Africa mapepala amayamba adutsa ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro, atamasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Supervisor wanu mumuuze lero kuti mudzafuna kalata yake, osadikira sabata yotseka edital.