Maso ouma si fumbi chabe: kuyankha mayi wa ku Chitakale

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chitakale, ku Mulanje. Akuti kwa zaka ziwiri tsopano maso awo amawotcha, amafiira, ndipo amamva ngati muli mchenga. Akapita kuchipatala amangopatsidwa mankhwala opaka aja a tetracycline. Ndiye akufunsa ngati agule mankhwala odontheza omwe awaona akutsatsidwa pa Facebook, kapena abale asonkhe ndalama kuti akaonedwe ku Johannesburg. Koma chomwe chinandikhudza kwambiri ndi mawu awo omaliza: "Anthu akuti ndikukokomeza. Akuti maso otuluka misozi tsiku lonse angaume bwanji?"

Mayi, simukukokomeza ayi. Mawu amenewo inenso ndinauzidwa, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa.

Ine vutoli linandiyamba ndikugwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Mmawa ndinkakhala pa sikelo panja, mphepo ikuwomba, masana ndili pa kompyuta kulowetsa makilogalamu a anthu othyola tiyi. Poyamba maso ankangolemera pofika madzulo. Kenaka ndinayamba kudzuka zikope zitamatirira ku diso, osati ndi manthongo ayi, koma kuuma kwenikweni, moti ndinkachita kuzikanula ndi zala pang'onopang'ono, ndikuopa kuti china chake ching'ambika. Ndikakwera kabaza kuchokera ku Makwasa kupita pa boma, ndinkafika misozi ili chuchuchu, anthu nkumandifunsa kuti kwagwanji kumudzi. Ndikalowa m'khitchini kusonkha moto, zomwezo. Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julayi, zinkanyanya, ndipo mu Okutobala ndinkayenda nditatsinzina diso limodzi. Masiku okhawo omwe ndinkapumako ndi a chiperoni, kunja kukachita chinyezi.

Kuchipatala china chaching'ono, bambo wina wovala choyera sanayang'ane nkomwe m'maso mwanga. Anangoti, "Ndi fumbi, amayi, mwezi uno aliyense akudandaula zomwezo," nkulemba tetracycline. Nditabwereranso, tetracycline. Mankhwalawo si oipa, amapha tizilombo, ndipo mafuta ake amafewetsako diso usiku. Koma ine vuto langa silinali tizilombo. Nthawi yomweyo nkuti kukamwa kwanga kukuumanso. Nsima sinkatsika popanda kapu ya madzi pambali, mbatata yowotcha ndinaisiya, buledi ndinkachita kumuviika mu tiyi. Kutchalitchi ndinachoka mu kwaya chifukwa lilime linkakakamira ndisanamalize ndime yoyamba. Mano anayamba kubooka motsatizana, zala zinkatupa mmawa kukazizira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa za kukamwa. Wa mano ankaona mano, wa maso ankaona fumbi, amayi anga ankati ndi nyamakazi ya kumtundu.

Zinadzadziwika nditatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, ku Gulupu mu Blantyre. Dokotala anandikoleka kapepala kakang'ono kopyapyala pa chikope cha mmunsi cha diso lililonse, nkundiuza kuti nditsinzine kwa mphindi 5. Kuyeza kumeneku amakutcha Schirmer. Kapepala kakanyowa kosafika mamilimita 5, ndiye kuti misozi ndi yochepa kwambiri. Kanga kananyowa kansonga kokha. Anandidontheza utoto wachikasu, nkundiunika ndi nyali ya buluu, ndipo anati pamwamba pa diso pali timabala tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Kenaka anafunsa funso lomwe ndinkalidikira osadziwa: "Nanga malovu, amayi, alipo okwanira?" Ndinalira pomwepo, koma misozi sinatuluke. Atandiyeza magazi anandiuza kuti ndili ndi matenda a Sjögren, omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira tiziwalo topanga misozi ndi malovu. Dzinalo ndi la dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, yemwe anawafotokoza mu 1933. Amagwira kwambiri amayi, makamaka a zaka za m'ma 40 kupita mtsogolo, ndipo nthawi zambiri amayenda limodzi ndi nyamakazi yotupitsa mfundo.

Sindikunena kuti inunso muli ndi Sjögren. Ndikunena kuti kuuma kwa maso kuli ndi gwero, ndipo gwerolo liyenera kufufuzidwa.

Tsono za misozi yomwe anthu akukunenerani. Misozi yomwe imateteza diso si madzi okha. Pansi pali kamadzi konanda komwe kamagwira diso, pakati pali madzi, ndipo pamwamba pali mafuta. Mafutawa amachokera m'timabowo tating'ono ta m'mphepete mwa zikope, kuseri kwa nsidze, toposa 20 pa chikope chilichonse. Ntchito yake ndi ngati ya chivundikiro pa poto: popanda icho, madzi amauluka msanga. Kwa anthu ambiri vuto limakhala pomwepa, timabowoto tatsekeka, mafuta alimba. Diso likauma limamva kuwawa, ndiye thupi limatulutsa misozi yadzidzidzi, yamadzi okhaokha, yomwe imangotsika m'masaya osakhazikika pa diso. Nchifukwa chake munthu wa maso ouma amaoneka ngati akulira. Amene akukusekaniwo muwafotokozere zimenezi, ndipo akapanda kumva asiyeni.

Pano ndilankhule molimba, chifukwa nkhani iyi imandikwiyitsa. Mankhwala odontheza omwe akugulitsidwa m'misika, m'magolosale ndi pa intaneti, aja amati "amayeretsa maso tsiku limodzi", musawagule. Ena mwa iwo muli mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa otchedwa steroid, monga dexamethasone kapena betamethasone. Zoona, mukadontheza lero mawa diso limayera, kuwotcha kumachepa, ndipo mumayamika Mulungu. Mukasiya vuto limabwerera, mumagulanso. Mukawagwiritsa ntchito miyezi popanda wokuyezani, amatha kukweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso nkuyambitsa glaucoma, yomwe imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo zomwe zatayika sizibwerera. Amabweretsanso ng'ala, komanso ngati pa diso pali chilonda amachikulitsa. Pafupi ndi kwathu pali bambo wina, telala, yemwe ankasunga kabotolo kotere m'thumba la malaya ndipo ankadontheza akangomva kuyabwa. Lero makina ake osokera ali pakona ataphimbidwa ndi chitenje, ndipo amayenda mdzukulu atamugwira dzanja. Madokotala nawo amapereka steroid pa maso ouma, inenso ndinapatsidwapo, koma kwa masabata ochepa, akukuyezani. Wogulitsa pamsika alibe choyezera chilichonse. Ine ndimaona kuti kugulitsa mankhwala amenewa popanda kalata ya dokotala ndi mlandu, ndipo akuluakulu oyang'anira mankhwala ayenera kumayenda m'misika ya kumidzi, osangothera m'tauni.

Chimodzimodzi zothira m'maso za kumudzi. Mkaka wa m'mawere, madzi a mandimu, shuga, madzi a masamba osinja, ena mpaka mkodzo. Ndimalemekeza anganga athu, ndipo pali zambiri zomwe amadziwa zomwe ife sitizidziwa, koma diso louma lili kale ndi timabala, ndipo chilichonse chosayera chikalowamo chimatsegulira njira chilonda. Pamenepa sindinyengerera munthu, ngakhale apongozi.

Pali funso lina lomwe ndikufuna mudzifunse, chifukwa kwathu kuno ndi lofunika kuposa mmene mabuku a kunja amanenera. Kodi munayamba mwadwalapo mutamwa mankhwala, thupi lonse nkutuluka matuza, khungu nkusupuka, milomo ndi mkamwa nkuchita zilonda? Matendawa amatchedwa Stevens-Johnson, ndipo amabwera mwa apo ndi apo thupi likadana ndi mankhwala ena, monga Bactrim, Fansidar, nevirapine yemwe anali m'ma ARV akale, kapena mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin. Msuweni wanga wa ku Thekerani zinamuchitikira. Anagonekedwa m'chipatala, anapulumuka, tonse tinathokoza. Koma masiku onse omwe anali chigonere aliyense ankalimbana ndi khungu, maso ake anangokhala otsekeka ndi mafinya. Atachira, mkati mwa zikope munatsala zipsera, tiziwalo ta misozi tinaonongeka, nsidze zina zinapindikira mkati nkumakanda diso. Ndikanakonda namwino aliyense ndi aliyense wodikirira wodwala atadziwa kuti munthu wotere amafunika kuonedwa ndi wa maso masiku oyambirira omwewo, asanatuluke. Sindikuti muope mankhwala ndatchulawa, apulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndipo musasiye kumwa chilichonse panokha. Koma ngati zinakuchitikiranipo, kauzeni dokotala wa maso, chifukwa chithandizo chake chimasiyana.

Zipsera zotere zimabweranso ndi trachoma, matenda opatsirana a m'maso. Mu 2022 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linalengeza kuti Malawi wathana ndi matendawa ngati vuto la dziko, ndipo tinali oyamba kummwera kwa Africa. Ndi nkhani yonyaditsa. Koma agogo omwe anadwala kalekale zipsera zawo akadali nazo, ndipo ambiri amangokhala pakhonde kupukuta maso ndi nsonga ya mpango, osadziwa kuti nsidze zopindikazo zimakonzedwa ndi opaleshoni yaing'ono. Kusowa kwa vitamini A nako kumaumitsa maso, makamaka kwa ana. Shuga wathu amathiramo vitamini ameneyu, komabe mapapaya, mango, mbatata yachikasu mkati, nkhwani ndi bonongwe wotendera zisamasowe pakhomo.

Ndiye utsi. Abambo, ndikupempheni, khitchini yopanda zenera ndi nkhanza kwa mkazi. Mumamanga nyumba yamalata yokongola, koma kumene mkazi amakhala mmawa, masana ndi madzulo mumangosiya kachipinda kakuda ka khomo limodzi. Ine zinasintha kwambiri pomwe tinaboola mazenera awiri oyang'anizana ndi kugula chitetezo mbaula, ndipo kukakhala kopanda mvula ndimaphikira panja, nkhuni zouma bwino.

Ndiye muchite chiyani?

Pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje, mukafunse kuonana ndi wa maso, ndipo munene momveka kuti vutoli latha zaka ziwiri ndipo tetracycline sakuthandiza. Pemphani kalata yokutumizani ku Blantyre ngati iwo sangathe kuyeza misozi. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe mumamwa, chifukwa ena amaumitsa maso: Piriton, amitriptyline, ndi ena a BP okodzetsa aja. Yezetsani shuga. Nenani ngati munasiya kusamba, ngati kukamwa kumauma, ngati mfundo zimatupa. Musadikire kuti akufunseni.

Podikira zimenezo, kafunseni ku famase yovomerezeka misozi yopanga, yomwe ndi madontho onyowetsa diso, ya hypromellose, carmellose kapena sodium hyaluronate. Ngati mukufunika kudontheza koposa kanayi pa tsiku, funani yopanda mankhwala osungira, aja amathiramo kuti isaonongeke, chifukwa osungirawo, makamaka benzalkonium chloride, amapweteka diso lomwe lili kale ndi mabala. Usiku pakani gel kapena mafuta a m'maso ofewetsa. Mmawa ndi madzulo thowani zikope mutatsinzina, ndi kansalu koyera koviika m'madzi ofunda osawotcha, kwa mphindi 5 mpaka 10, mukuviikanso kakazizira. Mukatero sisitani zikope ndi chala molunjika ku nsidze, nkupukuta m'mphepetemo. Zimatenga masabata kuti mumve kusintha, musagwe ulesi. Pa kabaza valani magalasi otchinga ndi m'mbali momwe. Pa foni kapena kompyuta munthu amaphethira pang'ono kwambiri, ndiye pakatha mphindi 20 zilizonse kwezani maso, muyang'ane kuphiri, muphethire mwadala.

Zikakanika izi, dokotala ali ndi njira zina. Pali doxycycline wakumwa wofewetsa mafuta a m'zikope, yemwe mayi woyembekezera samwa. Pali mankhwala odontheza a ciclosporin, odula, omwe amatenga miyezi kuti agwire ntchito. Pali kutseka timabowo ta pakona ya diso tomwe timatsitsira misozi m'mphuno, kuti yochepa yomwe ilipoyo ikhalitse. Kwa omwe zafika poipa kwambiri, zipatala zina zimapanga madontho kuchokera ku madzi a m'magazi a wodwala yemweyo.

Za ku Johannesburg, ine ndikuti dikirani kaye. Kumeneko akayamba ndi kapepala komweko ndi utoto womwewo, ndipo matendawa ngakhale kunjako sawachiza nkutheratu, amangowasamalira tsiku ndi tsiku. Ndalama zomwe abale angasonkhe zikuthandizani kwambiri pogula misozi yopanga ya miyezi yambiri ndi kulipira minibasi ya ku Blantyre. Dokotala wa maso akadzanena yekha kuti chomwe mukufunika kuno kulibe, pamenepo ndiye mudzaitanitse msonkhano wa banja.

Koma mukaona kadontho koyera pa diso lakuda, kapena maso achita chidima mwadzidzidzi, kapena ululu wakula moti simungathe kuyang'ana kuwala, musadikire tsiku la kiliniki kapena malipiro a mwezi. Pitani tsiku lomwelo, chifukwa chilonda cha pa diso louma chimatha kuboola diso m'masiku ochepa.

Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze kuti kapepala kaja kananyowa mamilimita angati. Ndipo owerenga ena a ku Mulanje, Luchenza ndi Limbe, amene mukudziwa komwe misozi yopanga yopanda mankhwala osungira ikupezeka pa mtengo wofikirika, nditumizireni uthenga kuti ndiwatumizire mayiwa.