Mapiritsi okha sachotsa mafinya a m'nsagwada

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti tsaya la amuna awo latupa kachitatu chifukwa cha dzino lobooka, ndipo akufunsa ngati alipo mankhwala amphamvu kuposa amoxicillin. Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa njira imeneyi inenso ndinadzeramo.

Langa linali dzino la m'munsi, lakumapeto kwenikweni. Ndinkaopa kukazulitsa, choncho likayamba kuwawa ndinkamwa mapiritsi, chotupa n'kuphwa, ine n'kumati ndachira. Ulendo wachitatu ndinadzuka kukamwa kutauma gwa, moti ngakhale zala ziwiri sizinkalowa pakati pa mano. Thupi linali litatentha, ndipo m'kamwa munkatuluka fungo loti mwiniwakene ndinkanyansidwa nalo. Dokotala wa mano anandifotokozera kuti fungo lotero kawirikawiri limasonyeza mabakiteriya amene amaswana pamalo popanda mpweya wa okosijeni, monga Prevotella, Porphyromonas ndi Fusobacterium. Amenewa amakhala m'kamwa mwa aliyense osavuta, koma dzino likawola mpaka mtsempha wake kufa, amapeza pobisala kunsi kwa muzu n'kuyamba kuunjika mafinya.

Atandijambula X-ray, anakoka mafinyawo ndi jakisoni m'malo mopukuta ndi thonje, poti tizilomboti tikakumana ndi mpweya timatha kufa tisanafike ku labotale. Zotsatira zake zimatenga masiku, kotero sanadikire: anaboola chotupacho, anazula dzino, n'kundiwonjezera metronidazole, mankhwala opha tizilombo tamtunduwu, pa amoxicillin uja.

Apa ndiye sindisuntha maganizo. Mkati mwa thumba la mafinya simuyenda magazi, ndipo kumene magazi sakufika mankhwala nawonso safikako mokwanira. Wopatsa wodwala maantibayotiki kachiwiri, kachitatu, osayang'ana dzino lenilenilo, akumulakwira, ndipo ine ndinkadzilakwira ndekha. M'chaka cha 1836 dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, anafotokoza za kutupa kwa pansi pa lilime kumene kumakankhira lilimelo m'mwamba ndi kumbuyo mpaka kutseka njira yopumira. Matendawa, amene lero amadziwika kuti Ludwig's angina, nthawi zambiri amayambira pa mano a m'munsi akumbuyo ngati langa lija, ndipo amapha msanga, makamaka odwala shuga.

Palinso bakiteriya wina, Actinomyces israelii, amene amabwera mwakachetechete: chotupa cholimba pa nsagwada chimakula pang'onopang'ono, kenako chimaphulika timabowo totulutsa mafinya okhala ndi timibulu tachikasu. Ameneyu metronidazole samumva, ndipo amafuna penicillin kwa miyezi ingapo. N'chifukwa chake kusankha mankhwala mongoganizira n'koopsa.

Zoti muchite

Amuna anuwo apite kwa dokotala wa mano sabata ino isanathe kuti mafinya akatulutsidwe, dzinolo lizulidwe kapena muzu wake utsukidwe. Ngati penicillin amawawenga anene, popeza alipo mankhwala ena monga clindamycin, ndipo akapatsidwa metronidazole asamwe mowa. Koma akayamba kulephera kumeza malovu, kupuma movutikira, mawu kusintha, kapena kutupa kukatsikira m'khosi kapena kukwera cha ku diso, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.