Musathamangire kugula foni yapadera, yomwe ali nayoyo itha kulankhula

Achemwali, mwafunsa za amalume anu a ku Luchenza amene maso anasiya kuona chifukwa cha shuga, kuti kodi pali foni kapena kompyuta ya anthu osaona yoti muwagulire poti pano meseji iliyonse mpaka wina awawerengere. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri ndiye mundilole nditalikitseko.

Ndalamazo sungani kaye. Ngati foni yawo ndi ya Android, olo ikhale Tecno kapena itel, pitani ku Settings kenako Accessibility muyang'ane TalkBack, ikasowa ipezeni pa Play Store, dzina lake ndi Android Accessibility Suite, ndi yaulere. Pa iPhone ndi VoiceOver, inabwera kuyambira 2009. Mukayatsa TalkBack kapena VoiceOver, foni imayamba kutchula chilichonse chimene chala chakhudza. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, chifukwa foni imasintha khalidwe, kugunda kamodzi imangokuuzani dzina la chinthucho, kuti chitseguke mpaka mugunde kawiri, ndipo kukwera kapena kutsika ndi zala ziwiri. Masiku oyamba adzakwiya ndithu mwina mpaka kunena kuti mwawaonongera foni, inu musazimitse ayi, khalani nawo pansi muyambe ndi chinthu chimodzi basi, kuyankha foni ndi kuimbira munthu. WhatsApp ibwere pambuyo, nayonso muyambire ma voice note poti ndi osavuta.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi, foni ikhale m'manja mwawo, osati mwanu. Ife apabanja timapweteka anthu ndi chifundo chathu chomwechi, tikaona akuchedwa timalanda n'kuwapangira, mapeto ake munthu wamkulu amene analera ana mpaka kuwaphunzitsa akuuza mwana wa sitandade 6 pini ya Mpamba kapena Airtel Money, mwinanso kupatsira ejenti foni pa Chonde tsiku la msika kuti awadinire. TalkBack imawerenga zimene zimatuluka mukaimba *444# kapena *211#, kungoti pamafunika changu chifukwa ukachedwa zimaduka n'kuyambiranso. Muwagulire mahedifoni otchipa kuti ndalama zawo zisamamveke ndi aliyense m'minibasi.

Ku kompyuta nako simukufunika kulipira. Pa mapulogalamu owerenga mokweza zimene zili pa kompyuta, ilipo JAWS koma ndi yodula, pomwe NVDA ndi yaulere, anaiyamba mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, kenako anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. Ubwino wake mutha kuiika pa fulashi n'kumayenda nayo. Olo musanaipeze, Windows ili kale ndi Narrator, dinani Ctrl, batani la Windows ndi Enter limodzi iyamba kulankhula. Wosaona sagwiritsa mausi, zonse ndi kiyibodi, ndipo mukapapasa pa F ndi J mumva timizere totukuka, zala zimayambira pamenepo. Chichewa chikamawerengedwa ndi mawu a Chingerezi chimamveka chopotoka zedi, ndiye mu NVDA sankhani mawu owerengera otchedwa eSpeak muike Chiswahili, kalembedwe kathu n'kofananirako ndiye chimamvekako bwino.

Ngati amaonako pang'ono, monganso abale athu ambiri achialubino, mwina chongofunika ndi kukulitsa zilembo, pa Windows ndi batani la Windows ndi +. Kwa amene ali ndi dzanja limodzi kapena anachita sitiroko, kudina Shift kasanu kumayatsa Sticky Keys, mabatani amadinidwa limodzilimodzi.

Koma musaphunzitse nokha. Munthu amene wataya maso atakula amamva bwino kwa wosaona mnzake amene akugwiritsa kale zinthuzi, amakhulupirira kuti zitheka. Funsani a Malawi Union of the Blind kapena ku ofesi ya Social Welfare pa boma pa Thyolo, komanso ku Mulanje kuli sukulu ya ntchito zamanja ya osaona, ndipo ku Nguludi kuno kufupi kuli Montfort kumene amasula aphunzitsi a ana olumala.

Tsono ndili ndi mawu kwa tonse m'gulu muno, makamaka ma admin. Timakonda kuponya chithunzi cha chilengezo, kaya cha maliro, kaya cha ntchito ku esiteti, kaya cha msonkhano wa kwa amfumu, opanda mawu alionse pansi pake. Kwa amalumewa foni idzangoti pali chithunzi basi, tsiku la maliro sadzalimva, malo sadzawamva. Alipo ma app ngati Lookout ndi Seeing AI amene amayesa kuwerenga zolembedwa pa chithunzi koma si nthawi zonse amalondola, komanso ena amadya bando. Mukaponya chithunzi lembaninso pansi pake tsiku, malo ndi nthawi m'mawu wamba, ndipo vidiyo nayo muziilembera chidule chifukwa cha anzathu osamva.